Mutu 5: Kanthambi Kamene Towera Adabisa

1. Chitseko cha khola

Ine ndine NyaMsiska, mlimi wa mpunga ku sikimu yothirira ya Wovwe. Towera ndi mwana wanga woyamba. Chaka chimene ndikunenachi, 1989, adali mu Sitandade 8. Bambo ake ankagwira ntchito ku mgodi wa malasha ndipo kunyumba ankabwera mwa apo ndi apo. Choncho munda, ana ndi mbuzi, zonse zinkayang'ana ine.

Za masewera a chesi musandifunse zambiri. Sindisewera, ndipo nthawi yoti ndiphunzire ndilibe. Chimene ndikudziwa n'chakuti tsiku lina nditabwera kumunda ndidapeza chitseko cha khola la mbuzi chazulidwa, chagonekedwa pakhonde, chajambulidwa timabokosi ndi makala. Pamwamba pake padaima tizidole tadothi, tina topaka phulusa, tina topaka mwaye.

"Mbuzi zigona bwanji?" ndidamufunsa.

"Ndatsekako ndi lata, amama."

"Lata lake liti?"

"Lija mumafuna kufolera bafa."

Towera ndi ameneyo. Akafuna chinthu, zina zonse zimayamba zadikira.

Amene adabweretsa masewerawa kwathu ndi aphunzitsi a Stanford Kamwendo, a ku Ntcheu. Adakhala nafe zaka zambiri ndithu. Chitumbuka chawo chidali chopindika, koma ankayesetsa, ndipo akazi awo, a Bessie, adali anzanga obwerekana nawo mtondo.

Ndiye kudabwera lamulo lakuti mphunzitsi aliyense akaphunzitse ku chigawo chakwawo. Masiku amenewo lamulo likabwera sunkafunsa chifukwa chake. Unkangoti chabwino, n'kuyamba kumanga katundu.

Nthawi yomweyonso kudamveka uthenga wina. Ku Mzuzu kudali kudzachitika mpikisano wa chesi wa ana a sukulu, ndipo sukulu yathu idapatsidwa malo a mwana mmodzi. Odziwa kusewera kwenikweni adalipo awiri, Towera ndi mnyamata wina dzina lake Ambokile, amene amayi ake amalima puloti yoyandikana ndi yanga. A Kamwendo adati awiriwa adzasewere Lachisanu lomaliza iwo asanachoke. Wopambana ndiye apite.

Towera adali asanadutsepo Chiweta, panjira ya ku Mzuzu, chibadwire. Mzuzu ankautchula ngakhale pothyola ndiwo.

2. Mabanja ndi nthambi

Tsiku lina masana a Kamwendo adafika pakhomo panga ndi kagulu ka ana.

"Amake Towera, mutibwereke khonde. Kwathu kwadzaza makatoni."

"Khalani, aphunzitsi. Koma asandipondere chinangwa."

Ndinkasenda chinangwa pomwepo, choncho zonse ndidazimva. Adawakhazika anawo mozungulira chitseko changa chija n'kuyamba kulankhula.

"Ana inu, mvetserani bwino. Ine ndikupita, ndipo buku loti ndikusiyireni ndilibe. Zonse zili m'mutu muno, ndipo mutuwu ukukwera lole. Mayendedwe oyambira masewera a chesi anthu adawaika m'mabanja. Woyera akakankha msilikali wa kutsogolo kwa mfumu, wakuda ali ndi mayankho angapo, ndipo yankho lililonse limatsegula banja lake. Akayankha ndi msilikali uyu wa chakumbali, limenelo ndi banja la Sisiliyani. Akakankha wa kutsogolo kwa mfumu yake kabokosi kamodzi kokha, ndi banja la Frenchi. Akamukankha mpaka asilikali awiriwo ayang'anizane, mahatchi n'kutuluka, bishopu woyera n'kudzaima apa kuyang'ana pafupi ndi mfumu yakuda, tafika ku banja la Italiyani.

"Banja lili ndi nthambi, ndipo nthambi ili ndi tinthambi. Koma dzina siliperekedwa mwachisawawa ayi. Dzina latsopano limabadwa pamene njira yagawikana. Ngati kuyenda kulipo kumodzi kokha, palibe nthambi pamenepo, mukadali panjira yomwe ija. Ndiponso njira ziwiri zikayenda mosiyana koma n'kudzakumana, zidole zonse zitaima chimodzimodzi, imeneyo ndi nthambi imodzi. Musaipatse maina awiri, mungadzilemetse mutu pachabe.

"Palibe mwana pano amene angasunge zonsezi yekha m'masiku atsalawa. Choncho ndikugawirani. Ambokile, Sisiliyani ndi yako. Hilda, tenga Frenchi. Towera, Italiyani. Aliyense ndimuphunzitsa banja lake payekha, mpaka kutinthambi, kenako iye aphunzitse anzake. Amene adzapite ku Mzuzu apite atanyamula mabanja onse. Koma ndikuchenjezeni. Kanthambi kamene mwini wake sadzaphunzitsa mnzake, ine ndikangochoka kafa. Kuno kulibe wina woti mukamufunse."

Atatero adabisa tizidole tiwiri m'manja, koyera ndi kakuda, n'kuuza Towera kuti asankhe dzanja. Adasankha koyera. Ndiye kuti Lachisanu lija woyamba kuyenda adali iyeyo.

"Mabanja a zidole apeza owasamala," ndidatero ine. "Langali lilibe ngakhale wondithandiza kusenda."

A Kamwendo adaseka, n'kutola mpeni, n'kusenda chinangwa chimodzi. Adachisenda moipa, koma adasenda.

3. Chiwindi Chokazinga

Kuyambira pamenepo m'nyumba mudalibe mtendere. Towera ankabwereza banja lake ngati nyimbo ya ku Sande Sukulu. Potunga madzi, posesa, posambitsa mng'ono wake, nyimbo yake yomweyo.

"Italiyani, nthambi ziwiri: Yofatsa ndi Mahatchi Awiri. Mahatchi Awiri, hatchi yanga ikalumpha kukaopseza, ndikadya msilikali wapakati, tinthambi tiwiri: hatchi yobwezera, hatchi ya m'mphepete."

Ndidaimva mpaka nane ndidailoweza osafuna. Tsiku lina ndidatopa nayo.

"Tandiuza kamodzi, mwina ukhala chete. Tinthambi tiwiriti tasiyana pati?"

Maso ake adawala. Adandikokera pachitseko paja.

"Onani, amama. Ine ndadya msilikali wake apa. Wakuda akabwezera, akadya wanga ndi hatchi yake, zimaoneka zanzeru. Aliyense angachite zomwezo. Koma akangotero, ine ndimaponya hatchi yanga pafupi ndi mfumu yake kuti aidye. Mfumu ikaidya yatuluka panja, ndiye ndimaithamangitsa ngati nkhuku yolowa m'nyumba. Dzina lake ndi Chiwindi Chokazinga."

"Chiwindi cha yani?"

"Ndi dzina chabe, amama. Adatcha ndi eni masewera."

"Anthu okhuta. Nanga kachiwiriko?"

"Kachiwiri n'konyansa kukaona. Wakuda sabwezera ayi. Amatenga hatchi inayo n'kuiika m'mphepete mwenimweni mwa thabwa, kukaopseza bishopu wanga. Munthu wosauzidwa sangakaganize. Koma ndiko kopulumukira."

"Chabwino. Tsopano katsuke mbale."

Sabata yomaliza idafika. Lachiwiri Ambokile adabwera kudzaphunzitsa Sisiliyani yake. Mnyamata uja ndi wamanyazi, koma tsiku limenelo adalankhula mpaka mawu adasasa. Towera akalakwitsa, iye ankabweza zidole n'kuyambiranso, osatopa.

Lachitatu idali nthawi ya Towera. Anzake enawo adawauza kuti adzawaphunzitsa Lachisanu likadutsa, choncho adabwera Ambokile yekha. Ine ndidali pambali, ndikusoka thumba.

Nthambi Yofatsa adaiphunzitsa bwinobwino. Adalowa mu Mahatchi Awiri. Hatchi idalumpha, msilikali wapakati adadyedwa. Ndidadikira mawu otsatira, poti ndinkawadziwa.

"Apa umabwezera," adatero Towera. "Umadya ndi hatchi. Zikatero zoyambira zatha, masewera ayamba."

"Basi?" adafunsa Ambokile.

"Basi."

"Palibenso china?"

"Ukundikayikira, iwe?"

"Ayi. Mwini banja ndiwe."

Adayang'ana thabwa lija kanthawi, n'kudzuka. "Ndaga, amama," adanditsanzika m'Chinkhonde chakwawo, n'kumapita akubwereza chapansipansi kuti, "Apa umabwezera."

4. Madzi a Manase

Ndidadikira kuti mnyamata uja akhote pa nthochi.

"Towera, mwana winayo wamusiya kuti?"

"Mwana uti, amama?"

"Usandipusitse, ndatopa. Masiku onsewa wandigonthetsa ndi tinthambi tiwiri. Lero katsala kamodzi, komweko koti munthu akazingidwe nako. Hatchi ya m'mphepete yapita kuti?"

Adayamba kutolera tizidole take, osandiyang'ana.

"Si kuba, amama. Ndi nzeru. Pamasewera munthu suuza mnzako pamene watchera."

"Pamasewera bisa mmene ungathere, ine ndilibe nazo ntchito. Koma lero simumasewera. Lero iwe unali mphunzitsi, iye anakhala pansi ngati mwana wa sukulu, n'kukhulupirira chilichonse chotuluka pakamwa pako."

"Ambokile amandiposa!" adatero Towera. "Tikasewera kasanu amandigonjetsa kambiri. Popanda ichi sindipita ku Mzuzu."

"Mwina supitadi. Khala pansi."

Adakhala. Ndidaika thumba lija pambali.

"Ukuwadziwa a Manase, a puloti ya kumtunda kwa ngalande yathu. Kale madzi tinkagawana mosavuta. Tsiku lako likakwana, wa kumtunda ankakutsegulira, iwe n'kupita kunyumba kukachita zina. Palibe ankalondera mnzake. Chilimwe chathachi a Manase adaona kuti madzi achepa. Adatenga thumba la mchenga n'kuliika m'ngalande pa tsiku limene silidali lawo. Mpunga wawo udabiriwira. Wanga ndi wa amake Ambokile udachita chikasu.

"Sindikunamiza kuti chidawagwera chinthu. Mphezi siidawaombe. Adakolola bwino, ngolo idadzaza, mpaka lero akuyenda monyada. Koma taona zimene zilipo tsopano. Aliyense ali ndi thumba lake la mchenga. Ine ndemwe, tsiku langa la madzi, ndimakakhala pangalande ndi khasu m'manja ngati mlonda, nthawi imene ndikadapumulako msana. A Manase nawonso sapuma, akulondera ife. Kutopa kumene umandiona nakoku, theka lake ndi thumba limodzi lija.

"Tsono iwe. Tinene kuti Lachisanu wamukazinga Ambokile. Wakwera basi. Ku Mzuzu wakumana ndi mwana wosewera Sisiliyani. M'mutu mwako muli Sisiliyani ya yani? Ya Ambokile. Udzadziwa bwanji kuti iye sadakubisire kanthambi? Dzulo funso limeneli udalibe. Lero uli nalo, eti? Wadzipatsa wekha.

"Ndipo aphunzitsi akupita. Mukangoyamba kubisirana, Hilda abisa kake, Ambokile abisa kake, chaka chamawa chitseko changachi chibwerera kukhola chifukwa sipadzakhala woti usewere naye."

Towera adafunsa, "Ndiye mukamuuza?"

"Ine? Sindikamuuza, sindikauzanso aphunzitsi. Ndili ndi mbande zondidikira kunazale. Banja ndi lako, uona wekha chochita nalo. Tenga chidebe, madzi atha."

5. M'matope

Lachinayi Towera ataweruka kusukulu adanditsatira kumunda. Idali nthawi yowokera mpunga, ndipo nthawi imeneyo mwana aliyense wa mu sikimu amalowa m'matope, afune asafune. Ankawokera mbande mokhotakhota ngati wayenda ndi nkhanu.

"Mzere umenewo udzapalira wekha," ndidamuuza.

Kutsidya kwa ngalande Ambokile ankawokera ndi amayi ake. Atationa adakweza dzanja.

"Towera! Mawa ubwere ndi mpango wopukutira misozi!"

Ankangoseka naye, monga mwa masiku onse. Koma Towera adaima, mbande zili m'manja. Adaima nthawi yaitali mpaka ndidafuna kumukalipira. Kenako adaponya mbande zija m'madzi n'kulumpha ngalande.



Adasalaza matope a m'mbali mwa ngalande ndi chikhatho, n'kujambula timabokosi ndi kamtengo. Zigoba za nkhono zidakhala zoyera, timiyala zakuda. Puloti yanga ndi yaing'ono, choncho zonse ndinkazimva.

"Bwera kuno, iwe. Dzulo sindinamalize."

"Unati zatha."

"Ndinanama. Khala pansi."

Ambokile adanjuta. Towera adayendetsa zigoba zake mpaka pamalo paja.

"Bwezera, monga ndinakuuzira."

Adabwezera. Towera adaponya chigoba pafupi ndi mfumu ya Ambokile. Posakhalitsa kamwala ka mfumu kadali pakati pa thabwa, kakuthawa uku ndi uku.

"Mayo ine," adatero Ambokile. "Ichi n'chiyani?"

"Chiwindi Chokazinga. Mawa chikadakhala chako."

"Ndiye ndithawira kuti?"

"Subwezera. Umatenga hatchi iyi n'kuiika kuno."

"Kumphepete? Ngati mbuzi yomangidwa kumpanda? Ukundinamizanso, iwe."

"Sindikunama. Taona bishopu wanga, akhala pamenepo? Ayenera kuchoka. Iwe wataya msilikali mmodzi, koma zidole zako zonse zipeza njira, zanga zikubwerera m'mbuyo. Tinthambi ndi tiwiri. Ako n'kachiwirika."

Ambokile adakanda mutu ndi dzanja lamatope.

"Ndiye chifukwa chake sizimandikhalira bwino. Aphunzitsi anati dzina limabadwa pamene njira yagawikana. Dzulo unandifikitsa pamalo, n'kuima ngati pali mphambano, koma n'kundionetsa njira imodzi. Ndinaganiza kuti mutu wanga ndi umene wauma."

"Bwanji sunakafunse aphunzitsi?"

"Ndikafunsirenji? Mwini banja ndiwe."

Towera adaweramitsa mutu. Mawu amenewo adamupweteka kuposa onse amene ndidamuuza ine.

"Nanga Sisiliyani yako?" adafunsa motsitsa. "Ili yonse?"

"Yonse. Ukufuna ndikubwerezere?"

"Ayi. Yambiranso iyi, uloweze. Ndipo usandiyamike, ndingakumenye."

Amake Ambokile adandiyang'ana kuchokera kutsidya. "Anawa atithawa ntchito, NyaMsiska."

"Asiyeni," ndidatero. "Akutsegula ngalande."

Sadamve chimene ndinkatanthauza, ndipo mphamvu zofotokozera ndidalibe. Mizere ya Towera ndidaiwongola ndekha.

6. Lachisanu

Sindidapite kusukulu kukaonerera masewera. Ndidapita kukatenga mtondo wanga kwa a Bessie usanakwere lole pamodzi ndi katundu wawo. Kungoti nyumba ya aphunzitsi idayandikana ndi kalasi, ndipo zenera lidali lotsegula.

Ana adadzaza m'kalasimo, ena atakwera pamadesiki. Pakati padali thabwa lenileni la a Kamwendo, la zidole zosalala. Towera adakankha msilikali wake. Ambokile akadatha kuyankha ndi Sisiliyani yake, n'kuthawa nkhani yonse. Sadatero. Adakankha msilikali wake kuti ayang'anizane ndi wa Towera, n'kumuyang'ana m'maso.

Mahatchi adatuluka. Bishopu adatuluka. Hatchi ya Towera idalumpha, msilikali wapakati adadyedwa.

"Bwezera, bwezera," ankanong'ona anyamata a kumbuyo.

Ambokile adatenga hatchi inayo n'kuiika m'mphepete.

M'kalasi mudamveka kuseka. "Wasokonezeka! Hatchi akuipititsa kukhola!" Koma a Kamwendo sadaseke. Adayang'ana hatchi ija, kenako adayang'ana Towera, n'kugwedeza mutu pang'ono ngati munthu amene walawa ndiwo n'kupeza mchere uli bwino.

Zotsatira zake sindidazimvetse, ndipo sindinamizira. Ndidangoona kuti zidatenga nthawi yaitali, mtondo ukundilemera pamutu mpaka ndidautula. Towera adalimba. Kawiri konse ndidaona Ambokile akupukuta thukuta. Koma pang'onopang'ono zidole zakuda zidadzaza mbali ya Towera, zoyera zikuunjikana pakona. Pomaliza mfumu yake idasowa kothawira. Adaigoneka yekha, n'kupereka dzanja.

Ana adamunyamula Ambokile. A Kamwendo adamenya desiki kuti akhale chete.

"Ambokile apita ku Mzuzu, ndipo wayenera. Koma mwaona hatchi imene mumaiseka ija? Ine sindidamuphunzitse Ambokile zimenezo. Ndidaphunzitsa munthu mmodzi yekha, ndipo munthuyo ndi amene wagonja nayo lero. Ndinkaopa kuti ndikachoka masewerawa achoka nane. Tsopano ndikwera lole mtima uli m'malo. Ana inu, mudzakumana ndi anthu ambiri odziwa zinthu. Musamafunse kuti akudziwa zochuluka bwanji. Muzifunsa kuti amene adakhala nawo pafupi adatolapo chiyani. Hilda, Lolemba ukakhale pansi kwa Towera, iyenso akhale pansi kwa iwe. Musadikire mphunzitsi wina. Mwina wobwerayo chesi sadzaidziwa n'komwe."

Sadadziwe za Lachitatu, ndipo palibe adawauza.

Pobwerera kunyumba Towera ankayenda patsogolo, ine pambuyo ndi mtondo. Titafika pamlatho wa ngalande yaikulu adatembenuka, nkhope yonse ili misozi.

"Mukadangokhala chete, amama, bwenzi ndikupita ine."

"Eya. Bwenzi ukupita."

"Ndiye basi? Mawu anu ndi omwewo?"

"Ukufuna ndikunamize kuti sizikupweteka? Zikupweteka. Lira, ukamaliza undilandire mtondowu, khosi latha."

Adalira. Atamaliza adaulandira. Koma kuyambira pamenepo adasiya kundilankhula, kupatula "eya" ndi "ayi".

7. Ulendo wopanda mwini

Lole idabwera Loweruka. Tidathandiza a Bessie kukweza makatoni, tidagwirana manja, osanena zambiri chifukwa pamsewu padali anthu. Fumbi litatha, sukulu idatsala ndi aphunzitsi owerengeka. Aphunzitsi akwathu obwerera kuchokera kumwera adali asanafike.

Sabata yotsatira, ndikumanga mbande kunazale, ndidaona Ambokile akubwera chothamanga, yunifolomu ili pathupi. Towera adali pambuyo pake.

"Amama, ulendo wafa," adatero mnyamata uja, akupuma mwawefuwefu.

"Wafa bwanji?"

"Ahedi akuti palibe mphunzitsi wondiperekeza. Atsalawo aliyense wagwira makalasi awiri. Akuti popanda munthu wamkulu, mwana sakwera basi. Amayi anga ali ndi khanda, atate ali ku Kaporo."

"Pepa, mwana wanga. Zachitika."

Ndidawerama kuti ndipitirize ntchito. Ndipamene Towera adalankhula, koyamba chichokereni Lachisanu lija.

"Amama, inu Mzuzu mumaudziwa. Achemwali anu ali ku Katoto."

"Ayi."

"Sindinanene kanthu."

"Ndamva kale. Ayi. Taona mbandezi. Taona puloti. Mbuzi azidyetsa ndani?"

"Hilda ndi amayi ake avomera kale. Puloti atithandiza amake Ambokile ndi gulu lonse la chesi, Loweruka."

"Atithandiza? Ife ndani?"

"Ambokile Italiyani sanaigwire bwino, amama. Nthambi Yofatsa akuisokonezabe. Pafunika wina womukumbutsa m'basi." Adandiyang'ana osaphethira. "Munati ngalande ikatsegulidwa madzi azifika mpaka kumunsi. Ine yanga ndinatsegula. Atsekeka pa inu."

Ndidayang'ana mbande. Ndidayang'ana ana awiriwo, matope ali m'miyendo, maso ali pa ine. Msana unkandiwawa, ndipo yankho langa ndidali nditalipereka kale kawiri.

Ndidapukuta manja pachitenje.

"Basi ya ku Mzuzu," ndidafunsa, "imadutsa pa Uliwa m'mawa kapena masana?"